Za Chizindikiro Chosaoneka cha Kumapeto kwa Mzere

Ndifuna kukusimbirani za kanthu kakang'ono, kamene maso a munthu sakhoza kukaona, koma kanatsala pang'ono kundidanitsa ndi mnyamata wosalakwa. Ine ndine mphunzitsi, ndipo zaka zanga pa ntchitoyi zapitirira 25. Ndinkayesa kuti za malemba ndi mizere ndazidziwa zonse, popeza tsiku ndi tsiku ndilemba pa bolodi, ndi kukonza zolemba za ana. Koma chaka chatha ndinaphunzira kuti pamene mzere uthera pali nkhani yaitali, yochokera kutsidya kwa nyanja, ndipo ndinaiphunzira ndi manyazi.

Pa sukulu pathu pali makompyuta awiri okalamba. Ina ikhala mu ofesi ya mlembi, ndipo iyendera Windows. Ina ikhala m'chipinda cha aphunzitsi, ndipo iyendera Linux. Maina awiriwa ndi a mapulogalamu aakulu amene ayang'anira ntchito zonse za m'makinamo, monga kapitao ayang'anira antchito. Mnyamata wina amene ndinamphunzitsa kale, amene tsopano agwira ntchito ya makompyuta m'tauni, anandionetsa pa tchuthi njira yolamulira makina a Linux polemba malamulo ndi mau, osaloza tizithunzi. Pulogalamu yolandira malamulowo aitcha shell, ndiko kunena chigoba, pakuti ikuta mtima wa makina monga chigoba chikuta mtedza. Yathuyo dzina lake ndi Bash, ndipo inayamba kutuluka m'chaka cha 1989.

Anandionetsanso timapulogalamu ting'onoting'ono, kalikonse ndi ntchito yake imodzi. Kena dzina lake cat, katsanulira kunja zonse zili m'fayilo. Kena dzina lake grep, ndiko sefa, kasunga mizere ina ndi kutaya ina. Kena dzina lake wc, kawerenga mizere. Ndipo pofuna kuti zotuluka mu kena zilowe mu kanzake, munthu alemba pakati pao kamzere koimirira, kotere: | ndipo kamzereko akatcha paipi. Ndinakondwera nazo ndithu, pakuti ntchito imene ndinali kuchita madzulo awiri ndi pensulo inayamba kutha ndisanamalize kumwa tiyi.

Tsono inafika nyengo yotumiza maina a ana a Sitandade 8 amene adzalemba mayeso. Mwana amene dzina lake latsala salowa m'chipinda cha mayeso, ndipo chaka chake chonse chipita pachabe. Inu makolo mudziwa kulemera kwake kwa mau amenewa. Ine ndinali ndi maina a ana onse 60 m'fayilo imene ndinaitcha onse. Mlembi wathu, mnyamata wofatsa amene anali asanathe chaka pa ntchito, analemba pa makina ake maina a amene makolo ao analipira ndalama ya mayeso, nandipatsa fayiloyo pa fulashi, ndinaitcha olipira. Ndinafuna kudziwa otsala, kuti tikafike kwa makolo ao tsiku lisanakwane. Ndipo ndinalemba lamulo ili:

cat onse | grep -vxFf olipira | wc -l

Kumasulira kwake ndiko: tsanulira maina onse, sefamo ndi kutaya dzina lililonse lopezekanso mwa olipira, nuwerenge otsala. Ndinayembekeza nambala yosafika khumi. Koma taonani, makina anati 59.

Mtima wanga unapsa. Ndinati mwa ine ndekha, mnyamata uyu walemba maina mwaulesi, kapena pali kanthu kamene abisa pa ndalama za ana. Sindinatsegule fayilo yake kuti ndione. Ndinakhulupirira makina, pakuti ndinamva kuti makina sanama. Ndinanyamuka nthawi yomweyo, ndi kupita kwa mphunzitsi wamkulu, mlembiyo ali pomwepo, ndipo ndinanena mau amene sindifuna kuwabwereza pano. Iye sanandibwezere mau. Anangotsegula kabati, natulutsa buku la malisiti, naliika patsogolo panga, nati, "Bambo, werengani nokha. Olipira ndi 52, ndipo ndawalemba monga muwalemba inu." Ndinawerenga, ndipo anali 52. Ndinaika maina ake pambali pa anga, ndipo sindinapeze chilembo chimodzi chosiyana.

Usiku umenewo ndinamuimbira foni wophunzira wanga wakale uja. Atamva kuti fayilo ina inalembedwa pa Windows, anati, "Aphunzitsi, mlembiyo sanalakwe. Lembani cat -A olipira, mundiuze chimene muona." M'mawa ndinalemba, ndipo lamulolo, limene lionetsa zobisika zomwe, linanditsegula maso. Kumapeto kwa dzina lililonse la m'fayilo yanga kunali chizindikiro chimodzi, $, chonena kuti mzere watha. Koma m'fayilo ya mlembi munali ziwiri, ^M$. Kwa ine dzina lakuti Phiri ndi zilembo zisanu kuno ndi uko. Kwa makina, lina linali ndi zisanu, lina zisanu ndi chimodzi, ndipo chachisanu ndi chimodzicho sichioneka.

Kuti mumvetse kumene chinachokera, tiyeni tiyambe m'munda. Munthu wobzala amene ayambira mbali imodzimodzi nthawi zonse, akafika kumapeto kwa mzere achita zinthu ziwiri: abwerera kumene anayambira, ndiponso alumphira pa mzere wotsatira. Ife tiziyesa chinthu chimodzi chifukwa miyendo ichita yokha, koma ndi ziwiri. Akabwerera osalumpha, abzalanso pamene wabzala kale. Akalumpha osabwerera, ayamba mzere watsopano ali kumapeto kwake.

Momwemo anali makina otaipira, amene ndinaphunzirirapo ku sukulu ya uphunzitsi, pamene tinali kutaipa mafunso a mayeso pa sitensulo. Pepala linakhala pa chonyamulira choyenda, chimene Angerezi anachitcha carriage, ndiko ngolo. Mzere ukayandikira kutha, kabelu kanalira, ndipo munthu anakankha mkono wachitsulo wa kumanzere. Mkonowo unabweza ngolo, ndi kukwezanso pepala mzere umodzi. Dzanja limodzi linachita ntchito ziwiri, ndipo sitinaganizepo kanthu.

Koma anthu atapanga makina a lamya olemba okha, amene munthu ataipa mu mzinda uno, ndipo malemba atuluka pa pepala mu mzinda wina, kumalo kolandirako kunalibe dzanja lokankha mkono uja. Chifukwa chake kunayenera kuti malamulo awiriwo ayende m'waya pamodzi ndi zilembo. Munthu wa ku New Zealand, dzina lake Donald Murray, pokonzanso m'chaka cha 1901 njira yotumizira zilembo imene anaiyambitsa Émile Baudot wa ku France, anaikamo zizindikiro ziwiri zosalemba kanthu pa pepala. China, chotchedwa CR, chiti: bwezera ngolo kumayambiriro. China, chotchedwa LF, chiti: kweza pepala mzere umodzi. Ndipo m'chaka cha 1963, pamene ku America anapangana kupatsa chilembo chilichonse nambala yake, m'pangano lotchedwa ASCII, CR anampatsa 13, LF anampatsa 10. Pakuti mkati mwa kompyuta mulibe zilembo konse, muli manambala okha. Chilembo A chachikulu ndi 65.

Ndipo panali chifukwa chabwino chotumizira 13 poyamba ndi 10 pambuyo. Makina otchuka a nthawiyo, Teletype Model 33, amene anatuluka m'chaka cha 1963, analemba zilembo 10 pa sekondi imodzi. Pa makinawo pepala silinayende cham'mbali, koma mutu wolembera ndiwo unayenda; ndipo ulendo wake wobwerera kumanzere unali wautali kuposa nthawi ya chilembo chimodzi. Chilembo chikafika mutu uli m'njira, chinadindika pakati pa pepala. Tsono anatumiza 13, mutu nuyamba kubwerera. Anatumiza 10, pepala nilikwera mutu ukali kuyenda. Ndipo motero chitsulo chinapeza mpata wofika kwao. Chizindikiro chimene chinandisokoneza ine chinabadwa chifukwa cha kuchedwa kwa kachitsulo kamene sindinakaonepo ndi maso.

Makompyuta atabwera, anthu analankhula nao kudzera pa makina a lamya omwewo. Ndipo pamenepo njira zinapatukana, pakuti omanga makompyuta sanamvane chimodzi pa funso ili: posunga zolemba m'fayilo, tidzaika chiyani kumapeto kwa mzere?

Amene anamanga Multics ku America m'zaka za m'ma 1960 anati, tisunge 10 yekha, ndipo pulogalamu yoyang'anira makina osindikiza idziwonjezera yokha zimene chitsulocho chifuna. Ken Thompson ndi Dennis Ritchie, poyamba Unix ku Bell Labs m'chaka cha 1969, anatsata mwambo umenewo. Ndipo Linux, imene Linus Torvalds wa ku Finland anaiyamba m'chaka cha 1991, inatengera kwa Unix. Ena anasunga ziwiri zonse, 13 ndi 10, monga zinayendera m'waya. Anatero Gary Kildall pa CP/M ya m'chaka cha 1974. MS-DOS ya Microsoft, ya m'chaka cha 1981, inatsata CP/M, ndipo Windows inalowa chokolo cha MS-DOS, nisunga mwambowo kufikira lero. Enanso anasankha 13 yekha: ndiwo a Apple, pa Macintosh ya m'chaka cha 1984, koma iwo anasiya mwambo wao m'chaka cha 2001, pamene anamanga Mac OS X pa maziko a Unix. Palibe mwa iwo amene anali wopusa. Yense anasankha choyenera makina ake. Ngakhale makalata a imelo, poyenda pa intaneti, atsata pangano la 13 ndi 10. Zili monga midzi itatu, wina uika malire a munda ndi mwala, wina ndi chikhomo, wina ndi mwala ndi chikhomo pamodzi. Mudzi uliwonse uli pa mtendere, kufikira tsiku limene munthu agula munda kumudzi wa eni.

Tsono nanga paipi ichita chiyani ndi zimenezi? Apa ndipo pagona phunziro langa. Nzeru ya paipi inachokera kwa Douglas McIlroy wa ku Bell Labs, amene m'chaka cha 1964 analemba kuti mapulogalamu ayenera kulumikizika monga tilumikiza mapaipi othirira m'dimba. Ndipo Ken Thompson anaiika mu Unix m'chaka cha 1973. Shell ikaona kamzere koimirira kaja, idzutsa mapulogalamu awiriwo, ilumikiza kamwa la wina ku khutu la mnzake, ndi kuima pambali. Paipiyo siwerenga, sisankha, simasulira. Idziwa manambala okha, ndipo za mizere sidziwa konse. Monga ngalande ya m'dimba itenga madzi pamodzi ndi mchenga ndi masamba, momwemo paipi itenga 13 ndi 10 ndi 65 mosasiyanitsa, ndi kuzifikitsa monga zinalowa.

Amene agawa mizere ndi mapulogalamu a kumapeto kwa paipi, ndipo a Unix ndi Linux agawa pa 10 yekha. Sefa wanga uja, pofika pa dzina la m'fayilo ya mlembi, anadula pa 10, ndipo 13 anatsala wokakamira kumchira kwa dzinalo, ngati chilembo chake. Ine ndinamuuza kuti afananize mzere wathunthu ndi mzere wathunthu, ndipo anachita chomwecho mokhulupirika. Nanga bwanji anati 59, osati 60? Pakuti mlembi, atalemba dzina lotsiriza, sanadindenso batani lotsikira pa mzere wina. Dzina limenelo lokha linalibe 13 kumchira, ndipo lokhalo linapeza mnzake. Umboni wake ndi uwu: nditauza wc kuti awerenge fayilo ya mlembi, anati 51, osati 52, chifukwa iye sawerenga maina, awerenga ma 10.

Kapena mufunsa, ngati Linux isunga 10 yekha, bwanji malemba saoneka opendekeka pa galasi, mzere uliwonse kuyambira pamene mnzake unathera, ngati makwerero? Chifukwa chake ndi chakuti womasulira alipo, koma akhala pakhomo, sakhala m'paipi. Pulogalamu yoyang'anira galasi ndi mabatani isandutsa 10 kukhala 13 ndi 10 potulutsa malemba. Ndipo munthu akadinda batani la Enter, limene litumiza 13, iyo ilisandutsa 10. Chotero 13 woonjezera akafika pa galasi, angobwezera kachizindikiro kolembera kumanzere, kumene kanali kupita kale, ndipo maso saona kanthu. Koma pambuyo pake pakabwera mau ena pa mzere womwewo, alembedwa pamwamba pa oyambawo. Ndinayesa kuuza makina kuti alembe dzina lililonse ndi mau akuti walipira pambali pake; ndipo mauwo anagwera pamwamba pa dzina, nalifafaniza, monga wobzala uja wobwerera osalumpha.

Shell yomwe ikhumudwa pa mwala womwewo. Munthu akhoza kusunga malamulo ake m'fayilo, kuti asawalembenso tsiku ndi tsiku, ndipo mzere woyamba wa fayilo yotere utchula pulogalamu yoiwerenga, motere: #!/bin/bash. Fayiloyo ikalembedwa ndi mwambo wa Windows, makina afunafuna pulogalamu yotchedwa bash ndi 13 kumchira. Ndipo posaipeza, akana ntchito yonse, ngakhale mwini wake aona dzina lolembedwa bwino.

Ku Windows kachitidwe ndi kena. Mapulogalamu ambiri a kumeneko, akatsegula fayilo monga ya malemba, amasulira okha: polemba asandutsa 10 kukhala 13 ndi 10, powerenga abweza. Kumasulira kumeneko kuthandiza pa malemba, koma kuononga chithunzi. Pakuti m'chithunzi 10 sanena kutha kwa mzere, akhoza kukhala mbali ya mtundu wa kadontho, ndipo kumuonjezera 13 ndiko kusokoneza zonse zotsatira. Amene anakonza mtundu wa zithunzi wotchedwa PNG, umene malamulo ake anatuluka m'chaka cha 1996, anadziwa ngoziyi. Ndipo mwa manambala 8 oyamba a chithunzi chilichonse anaikamo dala 13 ndi 10 pamodzi, ndi 10 wina payekha, kuti wotsegula adziwe msanga ngati womasulira wina wachigwira m'njira. Ndiponso shell yatsopano ya Microsoft, yotchedwa PowerShell, ya m'chaka cha 2006, kwa zaka zambiri sinaime pambali monga ichita ya Unix: poima pakati pa mapulogalamu awiri akunja, inawerenga zodutsazo ngati malemba, nizigawa m'mizere, ndi kuzilembanso ndi mathero ake. Anakonza zimenezi m'chaka cha 2023, pa PowerShell 7.4. Ndipo Notepad, kapulogalamu kamene mlembi wathu alembera, kufikira chaka cha 2018 kanaonetsa fayilo ya Linux ngati mzere umodzi wautali wopanda malekezero.

Tsono pali amithenga a mitundu iwiri. Wina afikitsa mau monga anawalandira, ndi zitsotso zake zomwe, ndipo wolandira ayenera kudziwa mwambo wa wotumiza. Wina akonza mau m'njira kuti amveke bwino kwao, ndipo nthawi zina akonza ndi zimene sizinafune kukonza. Wotuma mthenga adziwe kuti watuma uti.

Mankhwala a vuto langa anali mzere umodzi:

tr -d '\r' < olipira > oyera

Ndiko kunena, chotsa 13 yense m'fayilo ya olipira, nusunge zotsala m'fayilo yatsopano yotchedwa oyera. Pali kapulogalamu kena kotchedwa dos2unix kochita ntchito yomweyo. Nditasefanso ndi fayilo yoyeretsedwayo, makina anati 8, monga linanena buku la malisiti kuyambira dzulo lake. Tinatuma mau kwa makolo asanu ndi atatuwo, ndipo maina anapita tsiku lisanakwane.

Koma panatsala ntchito imene lamulo la makina silikhoza kuichita. Ndinamnyoza mnyamata pamaso pa mkulu wa ntchito yake. Chifukwa chake ndinayenera kupepesa pamalo pomwepo, pamaso pa mkulu yemweyo. Ndinati, "Alembi, ndinakulakwirani. Munalemba bwino, ndipo wosayang'ana ndinali ine." Iye anaweramitsa mutu, nati, "Zatha, Bambo. Mundionetseko chizindikirocho, kuti nanenso ndichidziwe." Ndipo tinakhala pamodzi pa makina madzulo amenewo, mkulu ndi mwana, kuyang'ana ^M. Ndidziwa kuti pepani sapoletsa chilonda; kwa milungu ingapo anali kundipatsa mapepala ndi manja awiri, osandiyang'ana kumaso, ndipo sindimuimba mlandu.

Ndinamva kuti makina sanama, ndipo nzoona: pa tsiku lija sananame. Anayankha funso limene ndinawafunsa. Koma funso la m'mutu mwanga linali lina, ndipo kusiyana kwake kunali nambala imodzi yosaoneka. Masiku ano maina athu ambiri asungidwa m'makompyuta, a ana a sukulu, a odwala, a alimi, ndipo mafayilo ayenda kuchokera ku makina ena kupita ku ena. Sindinena kuti dzina lililonse losowa lasowa chifukwa cha 13. Zifukwa ndi zambiri. Koma inu amene mugwira ntchito yotere, fayilo ikachokera ku makina a mtundu wina, yambani mwaiyang'ana ndi lamulo loonetsa zobisika, musanaithire m'paipi. Ndipo yankho likatuluka lodabwitsa, lotsutsa munthu amene mumdziwa kuti ndi wokhulupirika, fatsani, tsegulani buku la malisiti, werengani ndi chala. Akulu anati, kuona maso a nkhono nkudekha. Ine ndinaphunzitsa ana mwambi umenewu zaka zambiri ndisanaumve.

Tsopano pa sukulu pathu tinapangana, mlembi ndi ine, kuti fayilo iliyonse yochokera ku ofesi iyambe yadutsa pa tr, ndi kuti nambala ya makina tiifananize ndi ya m'buku tisanatchule dzina la munthu. Chaka chino ana a Sitandade 8 ndi 64, ndipo lamulolo walemba ndi iye, ine ndili chiimire kumbuyo kwake.

Ine wanu,
Mphunzitsi wa kumudzi.